Katundu Woyenera Laputopu Yokalamba

Chaka ndi chaka, ophunzira atsopano akamafika pa koleji pano, ena a iwo amabwera atanyamula malaputopu amene adaona kale dzuŵa lambiri. Wina adapatsidwa ndi achimwene ake ogwira ntchito ku Johannesburg, wina adagula yakaunjika m'tauni, pamene wina adalandira imene amalume ake adaitaya mtima poona kuti yayamba ulesi. Ambiri mwa makina ameneŵa ndi a zaka 10 kapena kuposerapo. Munthu ukaiyatsa laputopu yotere ungathe kupita ku mjigo, kukatunga madzi ndi kubwerako iyo isadatsekuke. Tsono mwini wake akafunsa anzake chochita, kaŵirikaŵiri amamuuza kuti apite nayo kwa anyamata okonza mafoni pamsika kuti akamuikiremo Windows yatsopano. Uphungu umenewu ndi umene ndifuna kuutsutsa m'nkhani ino, ndipo ndikatero ndidzatsutsanso uphungu wina umene ine ndemwe ndidaupereka kwa zaka zingapo ndisadazindikire kulakwa kwake.

Poyamba timvane za chinthu chimene tikukamba. Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imadzuka makina akangoyatsidwa, ndipo ndiyo imagaŵira mapulogalamu ena onse malo ndi nthaŵi, monga momwe mphunzitsi wamkulu amagaŵira anzake makalasi ndi maphunziro. Dzina lake pa Chingerezi ndi operating system. Windows ndi imodzi mwa mapulogalamu otere, ndipo popeza ndiyo tidaizoloŵera, ambiri amayesa kuti kompyuta ndi Windows n'chinthu chimodzi. Sichoncho ayi. Komanso pulogalamu yaikuluyi ili ndi kulemera kwake. Imadya mbali ya mphamvu za makina isadagwire ntchito ina iliyonse, kotero kuti ikakhala yolemera kwambiri, zimene zimatsalira mphunzitsi kuti alembere chikonzero cha phunziro zimakhala nyenyeswa chabe.

Windows 11 idapangidwira makina a masiku ano. Imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira zinthu osachepera 64 GB, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndiponso purosesa yatsopano ndithu, moti mapurosesa a Intel otuluka chaka cha 2017 chisadafike saloledwa. Laputopu ya amalume ija ilibe zimenezi. N'chifukwa chake anyamata a pamsika amaikamo Windows 7 kapena Windows 10, kaŵirikaŵiri yopanda chilolezo. Koma kampani ya Microsoft idaleka kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 idaileka pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene adalembetsa m'ndondomeko yapadera yoonjezera nthaŵi. Kuleka kusamalira kutanthauza kuti mng'alu ukapezeka pa khoma lachitetezo palibe wodzaumata. Ine ndidaona ndi maso anga mtsikana wina, ali pa nthaŵi yoyeserera kuphunzitsa, akulira misozi chifukwa fulashi imene adapita nayo kokasindikiza idabwerako ndi vayirasi, ndipo ataitsomeka pa laputopu yake, masikimu a teremu yonse pamodzi ndi malikisi a ana a Sitandade 6 adasanduka zinthu zosatsekuka. Omuyendera adali kubwera m'maŵa mwake.

Njira ina ilipo, ndipo dzina lake ndi Linux. Chimake chidalembedwa ndi Linus Torvalds mu 1991, iye ali wophunzira ngati inu pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, ndipo chidaphatikizidwa ndi mapulogalamu a GNU amene Richard Stallman adayambitsa mu 1983. Mapulogalamu ameneŵa ndi aulere m'njira ziŵiri. Simulipira ndalama poŵatenga, komanso malamulo ake amalola aliyense kuona momwe adalembedwera, kuŵakonza ndi kugaŵirako anzake. Mukakopera mnzanu Linux pa fulashi simudabe kanthu. Mtundu wina wodziŵika kwambiri wa Linux umatchedwa Ubuntu. Adauyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi mau a Chizulu ndi Chikhosa ofanana ndi mau athu akuti umunthu. Kwa ife amene timalalikira TALULAR tsiku ndi tsiku, kuti mphunzitsi aziphunzitsira zinthu zopezeka pafupi, laputopu yakale yodzutsidwa ndi pulogalamu yaulere sisiyana ndi zitsekerero za mabotolo zimene timaŵerengetsera ana a Sitandade 1.

Vuto lake n'lakuti mitundu ya Linux ilipo mazanamazana, ndipo wofunsa kuti woyenera makina akale ndi uti amalandira mayankho ochuluka kuposa anthu amene waŵafunsa. Ambiri amamuuza kuti asankhe wopepuka kuposa yonse. Inenso ndinkatero. Pa sukulu ina imene ophunzira athu amayesererako kuphunzitsa padali laputopu ya mphatso imene idali itagona. Ndidaikamo Linux yopepukitsitsa imene ndidaipeza, ndipo makina aja adayamba kudzuka m'kanthaŵi kochepa, moti ndidachokako ndikudzitama mumtima. Patapita materemu aŵiri ndidabwererako ndi kuipeza laputopu ija ili m'kabati ya aphunzitsi aakulu, itapsinjidwa ndi makaundula akale. Achiŵiri awo adandifotokozera mwaulemu kuti, "Bambo, makina aja amathamanga ndithu, sitikukana. Koma ife sitidziŵa poyambira, pulinta yathu saidziŵa, ndiye tidaopa kuti tingaŵaononge." Ndidachita manyazi, pakuti ndidaona kuti ndidasankhira makina osaganizira anthu oŵagwiritsa ntchito.

Kuyambira pamenepo maganizo anga ndi aŵa: mwa mitundu yonse imene laputopu yanu ingasenze osapuma ŵefuŵefu, sankhani wokwanira bwino kwambiri, umene mphunzitsi wamba angaugwiritse ntchito inu palibe, ndiponso umene eni ake adzausamalira kwa zaka zingapo zikudzazi. Kupepuka n'kofunika kufikira pamene makina ayamba kuyenda bwino. Kupitirira pamenepo, kupepuka kwina kulikonse mumakugula ndi ntchito yanu yomwe, chifukwa zimene opanga adachotsamo kuti mtundu wawo upepuke ndi zomwezo zimene zikadakuthandizani kulumikiza pulinta, kupeza Wi-Fi kapena kutsekula fulashi.

Choncho musadasankhe kanthu, yambani mwayeza makina anu. Zoyenera kudziŵa ndi ziŵiri. Choyamba ndi kukula kwa RAM, amene ndi malo amene kompyuta imayalapo zonse zimene ikugwira panthaŵiyo, ngati tebulo la mphunzitsi: likachepa, mabuku amasanjikizana ndipo chilichonse chimachedwa kupezeka. Chachiŵiri ndi mtundu wa purosesa, ngati ili ya 64-bit kapena ya 32-bit. Pamenepa ambiri amanyengeka, chifukwa makina ochuluka adagulitsidwa ali ndi Windows ya 32-bit pamene purosesa yake ili ya 64-bit. Mapurosesa a Intel otchedwa Core 2 Duo, amene adayamba kutuluka mu 2006, ndi onse otchedwa Core i3, i5 ndi i7, ndi a 64-bit. Amene ali a 32-bit enieni ndi monga Pentium M, Core Duo yoyamba ija, ndi Atom N270 imene idali m'timalaputopu ting'onoting'ono ta m'ma 2008 ndi 2009. Ngati Windows idakali kutsekuka, tsamba lofotokoza za makina lidzakuuzani zonse ziŵiri.

Ndinenepo pang'ono za kumene kulemera kwa Linux kumachokera. Chimake n'chimodzi m'mitundu yonse. Chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi nkhope yake, ndiko kuti mazenera, zithunzi ndi mndandanda wa mapulogalamu zimene munthu amaziona pa sikirini. Ubuntu weniweni amavala nkhope yotchedwa GNOME, yokongola koma yolemera kwa makina okalamba. Nkhope za Xfce ndi LXQt n'zopanda zodzikometsera zambiri, ndipo zimasiyira mwini makina mbali yaikulu ya RAM.

Ngati purosesa yanu ndi ya 64-bit ndipo RAM ifika 4 GB, kapena ngakhale 3 GB, ine ndinena mosapita m'mbali kuti ikanimo Linux Mint ya nkhope ya Xfce. Mtundu umenewu, umene Clément Lefèbvre adauyambitsa mu 2006, udamangidwa pa Ubuntu, ndipo eni ake amati umafuna RAM yosachepera 2 GB ndi malo a 20 GB, ngakhale iwo omwe amavomera kuti 4 GB ndiyo yopatsa mtendere. Sindiusankha chifukwa chakuti ngwopepuka kuposa inzake, pakuti sichoncho. Ndiusankha chifukwa mndandanda wa mapulogalamu uli pansi kumanzere, pamene wozoloŵera Windows amayembekezera kuupeza, ndipo aphunzitsi aakulu amene sadamvepo dzina la Linux angathe kulemba kalata tsiku loyamba lomwelo. Umabwera uli kale ndi LibreOffice yolembera ndi yoŵerengera malikisi, Firefox yoyendera pa intaneti, ndi kapulogalamu kothandiza kupeza madriver a zipangizo zovuta. Pamwamba pa zimenezi, Linux Mint 22, yotuluka mu 2024, idzasamalidwa mpaka 2029. Kwa munthu amene akatumizidwe kusukulu yakutali, kumene wodziŵa makompyuta amafika kamodzi pa chaka, zaka zimenezi n'zamtengo wapatali kuposa masekondi angapo a kudzuka msanga.

RAM ikakhala 2 GB yokha, Mint idzayendabe koma motsimphina, ndipo pamenepa Lubuntu, amene ndi Ubuntu wovala LXQt, angapepukeko. Dziŵani komabe kuti Lubuntu ndi mnzake Xubuntu amasamalidwa zaka zitatu, pamene Ubuntu weniweni amasamalidwa zaka zisanu; Lubuntu 24.04 malire ake ndi Epulo 2027. Ndipotu musadagonjere 2 GB, funsani mtengo wa RAM yogwiritsidwapo ntchito kwa okonza makompyuta. Malaputopu ambiri akale ali ndi kachitseko pansi pake ndi malo aŵiri oikapo RAM. Kuonjezera 2 GB, kapena kuchotsa hadi disiki yakale ndi kuikapo SSD ngakhale yaing'ono, kumasintha makina koposa mkangano uliwonse wa mitundu ya Linux. Potsekulapo mupukutenso fumbi limene ladzaza pa kafani, chifukwa purosesa ikatentha imadzichepetsera yokha liŵiro kuti isapse.

Tsono kwa inu amene makina anu ali a 32-bit, kapena RAM yake ndi 1 GB, ndiyenera kunena zoona ngakhale zili zoŵaŵa. Dziko likuŵasiya makina otere. Linux Mint idaleka kutulutsa mtundu waukulu wa 32-bit mu 2020. Debian, gogo wa mitundu yambiri amene Ian Murdock adayambitsa mu 1993, adapirira nthaŵi yaitali, koma Debian 13 ya mu Ogasiti 2025 siikidwanso pa makina a 32-bit. Google idaleka Chrome ya Linux ya 32-bit mu 2016, ndipo Mozilla idalengeza mu 2025 kuti nayonso ikuleka Firefox ya makina otere. Amene angakuthandizeni ndi antiX, womangidwa pa Debian. AntiX 23 ya mu 2023 ili ndi mtundu wa 32-bit, ndipo ikadzuka siidya ngakhale 300 MB ya RAM. Koma nkhope yake n'njachilendo, ndipo zambiri mudzazikonza ndi manja. Imeneyi njoyenera laputopu yanuyanu, imene mudzakhala nayo pansi madzulo ndi kuiphunzira, osati ya sukulu yonse. Puppy Linux, imene Barry Kauler wa ku Australia adayambitsa mu 2003, ndimaisunga pa fulashi kuti ndipulumutsire mafayilo m'makina amene akana kudzuka. Sindiipereka m'manja mwa ana, chifukwa mwachibadwa imapatsa aliyense woigwira mphamvu zonse, ndi zofufuta chilichonse zomwe.

Pali chinsinsi china chimene okonda kupikisana pa kupepuka sakonda kuchitchula. Pa laputopu yakale, katundu wolemera kwenikweni si operating system ayi, koma browser. Masamba a pa intaneti a masiku ano ngolemera, ndipo Facebook kapena YouTube imalemera chimodzimodzi pa antiX ndi pa Mint. Munthu angasunge 400 MB posankha nkhope yopepuka, n'kuitaya yonse potsekula masamba atatu okha. Kwa mphunzitsi, nkhani imeneyi siyenera kumudetsa nkhaŵa kwambiri, pakuti kalasi limene mukupitako mwina lilibe netiweki yodalirika, ndipo bandulo ya malipiro a mphunzitsi siingadyetse ana 80 mavidiyo. Laputopu yakale imaonetsa phindu lake ikakhala nkhokwe ya zinthu zogwira ntchito popanda intaneti. Kiwix imasunga Wikipedia m'makina momwemo, ndipo pali zigawo zing'onozing'ono za masamu, sayansi kapena mbiri zimene sizidya malo ambiri. GCompris ili ndi maseŵera ophunzitsa ana aang'ono kuŵerenga manambala, kuzindikira zilembo ndi kugwira mausi. Stellarium, mukaiuza kuti muli ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, imaonetsa thambo la usiku womwewo, ndipo ana angapite kwawo kukatsimikiza ndi maso awo kuti nyenyezi imene adaiona pa sikirini ilidi pamenepo. Ndi Audacity mungajambule mau a mwana akuŵerenga kumayambiriro kwa teremu ndi kumapeto kwake, iye yekha n'kudzimvera kusintha. Zonsezi zimapezeka m'nkhokwe ya mapulogalamu ya Mint ndi Lubuntu. Muziike mudakali pa koleji pano pamene pali Wi-Fi, chifukwa Mint yokhayo poitenga pa intaneti imadya pafupifupi 3 GB. Mmodzi atenge, enanu mukopere kwa iye.

Musakhulupirire mau anga musadayese. Ubwino wina wa Linux ngwakuti imatha kudzuka kuchokera pa fulashi popanda kukhudza zimene zili m'makina. Pulogalamu yotchedwa Rufus imakonza fulashi yotere, ndipo ina yotchedwa Ventoy imalola kuika mitundu ingapo pa fulashi imodzi kuti muilaŵe yonse. Ikadzuka musatengeke ndi kukongola kwa zithunzi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Yesani zinthu zimene mudzazifuna m'kalasi. Kodi mau akumveka? Kodi Wi-Fi ikuoneka? Tsomekani pulojekita ya pa koleji, tsomekaninso pulinta ngati ilipo, ndi kutsekula sikimu imene mudailemba kale mu Word. Wi-Fi ndiyo imavuta kaŵirikaŵiri, makamaka pa malaputopu okhala ndi kachipangizo ka Broadcom, kamene driver wake amafunika kumutenga pa intaneti, pamene intanetiyo ndi imene mukuisoŵa. Mankhwala ake ngapafupi: lumikizani foni ya Android ndi chingwe cha USB, muiuze igaŵire laputopu intaneti kudzera pachingwepo, kenaka mutenge driver uja. Ndipo musadalole kuti Linux iikidwe m'makina, koperani mafayilo anu onse pa fulashi ina, chifukwa kuika kumafufuta zonse mukasankha kuti itenge disiki yonse. Ndaona anthu anzeru akudumpha mfundo imeneyi chifukwa cha changu.

Otsutsa alipo, ndipo zina zimene amanena n'zomveka. Amati aphunzitsi a pa koleji ndi a ku maofesi amafuna zolemba za Word. LibreOffice imatsekula ndi kusunga mafayilo a docx, koma ndivomere kuti matebulo ovuta, monga a masikimu athu, nthaŵi zina amasuntha pang'ono akatsekulidwa pa makina ena. Chimene mukupita nacho kokasindikiza muzichisunga ngati PDF, pakuti imeneyo sisintha maonekedwe. Amatinso pali mapulogalamu ena amene amayenda pa Windows pokha, ndipo n'zoona. Ngati ntchito yanu idalira pulogalamu yotere, funsani bwino musadasinthe. Koma akamati mwana wophunzira pa Linux adzasokonezeka akadzakumana ndi Windows, pamenepo sindivomera. Chimene timaphunzitsa ndi kulemba, kusunga fayilo pamalo podziŵika, kuŵerengera ndi kufufuza, ndipo amene waphunzira kupalasa njinga ya mtundu wina salephera ya mtundu winanso. Za mavayirasi, amene adalembedwera Windows sagwira ntchito pa Linux, ngakhale mungathe kuŵanyamula pa fulashi ndi kupatsira mnzanu osadziŵa. Aphunzitsi a Chicheŵa akondwe kumva kuti chilembo cha ŵ, chimene chimavutitsa ambiri, chimalembeka mosavuta mukasankha batani limodzi kuti likhale la Compose: mumadina batanilo, kenaka ^, kenaka w.

Ndibwerere ku laputopu ya m'kabati ija. Ndidaitulutsa, ndidaonjezera RAM kufika 4 GB, ndipo ndidaikamo Mint ya Xfce. Imadzuka mochedwerapo kusiyana ndi poyamba. Ulendo uno ndidachitanso zimene ndidazinyalanyaza kale, ndipo ndikupemphani kuti inunso mukachite zomwezo kulikonse kumene mukasiye makina m'manja mwa ena. Ndidatsekula maakaunti aŵiri, ina ya aphunzitsi yokhala ndi mphamvu yoika ndi kuchotsa mapulogalamu, ina ya ana yopanda mphamvu imeneyo, kuti malikisi ndi mayeso zisakhale poyera. Ndidakhala pansi masana aŵiri ndi achiŵiri kwa aphunzitsi aakulu pamodzi ndi mayi wina wophunzitsa Sitandade 4, iwo akugwira makina, ine manja ali kumbuyo, mpaka adasindikiza okha kalata yoitanira makolo ku msonkhano. Kenaka tidatenga kope wamba ndi kulembamo dzina la mtundu wa Linux ndi nambala yake, chaka chimene udzaleke kusamalidwa, njira yolumikizira foni, ndi masiku oyenera kupita ndi laputopuyo kumene kuli intaneti kuti ikalandire zokonza zatsopano, kamodzi pa mwezi ngati n'kotheka. Pasiwedi ya aphunzitsi tidailemba pa pepala lina ndi kuliika mu envulopu, pamodzi ndi fulashi imene ndidaikira Linux ija, ndipo envulopuyo amasunga ndi aphunzitsi aakulu m'dilowa yokhoma.